Ananditsekera m'chipinda chozizira, palibe anadziwa kuti ndasowa

Aphungu,

Ndine mayi wachikulire ndithu, wopemphera, ndipo nkhani ndikulembayi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa anga. Ndimagwira ntchito pa shopu yaikulu yogulitsa nyama ndi nkhuku. Ntchito yanga ndi kulongedza katundu m'makatoni ndi kusanja m'chipinda chozizira chomwe chili kuseri, chimene anzanga amangochitchula kuti mufiriji. Chitseko chake ndi chokhuthala ngati matiresi. Chogwirira chamkati chinathyoka kalekale, ine ndisanalembedwe ntchito, moti chikatsekeka uli mkati, watsekeredwa basi. Aliyense amadziwa zimenezi. Timangopinda katoni n'kupanikiza pachitseko kuti chisatsekeke. Mukawauza a kapitawo amati, "Tikonza, mayi. Kodi munamvapo kuti wina anafera mmenemo?"

Amuna anga anamwalira, ndipo mwana wanga mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali. Ndimachita lendi chipinda chimodzi, khoma lake lopyapyala moti oyandikana nawo akatsokomola ndimamva. Ine popemphera ndimatulutsa mawu, nthawi zina ndimalira. Tsiku lina a landilodi anandiimika pampopi n'kunena kuti, "Mulungu si gonthi, mayi, ana akulephera kugona." Kuyambira pamenepo kunyumba ndimapemphera chamumtima, koma sindikhutira.

Kuntchito nako ndilibe mnzanga. Atsikana apatilu, olandira ndalama kwa ogula, akadali ana, nkhani zawo ndi zibwenzi ndi tsitsi. Azibambo odula nyama amanditcha Mayi Ameni. Sikuti amandida, koma ndikakhala nawo pa nkhomaliro nthabwala zimazima, wina n'kuti, "Tsitsani mawu anyamata, tchalitchi chalowa." Ndiye ndinasiya kuwasowetsa mtendere. Iwo akamadya ine ndimavala jekete, kulowa mufiriji, kukoka chitseko n'kusiya kampata ka katoni kaja, n'kugwada pakati pa makatoni a nkhuku. Mafani oziziritsa mmenemo amasokosera kwambiri moti ndimatha kufuula, kulira, kumuuza Mulungu zonse, popanda wondimva. Musandiseke, Aphungu, kumeneko ndi komwe mtima wanga umapumira.

Mwezi wathawu ndili chigwadire ndinangomva chitseko gu, magetsi n'kuzima. Ndinadziwa pambuyo pake kuti anali a dalaivala athu, poti ndinawamva akudandaula kuti anthu amasiya firiji yosatseka. Anakankha katoni ija ndi phazi n'kutseka, chifukwa a kapitawo amakalipa kuti tikutaya kuzizira. Pozimitsira magetsi pali panja. Mafoni timasiya m'kabati tikamayamba ntchito. Ndinakuwa. Ndinapapasa mumdima, ndinapeza nkhuku youma gwa, ndinamenya nayo chitseko mpaka manja anasiya kumva. Koma nkhomaliro inali itatha, makina odulira mafupa anali atayamba kulira. Mafani aja ndinkawayamikira kuti amabisa mawu anga, tsiku limenelo anawabisadi.

Sindidziwa kuti ndinakhalamo nthawi yaitali bwanji. Ndinatopa, ndinakhala pansi n'kutsamira makatoni. Poyamba mano ankagundana, kenako kunjenjemera kunayamba kuchepa, tulo tokoma tinayamba kubwera. Ndinati mwina uwu ndi mtendere wa Ambuye. Ndinayamba kudzifunsa kuti ndani angayambe kuzindikira kuti ine kulibe. Mwana wanga amaimba foni mwa apo ndi apo. Kukwaya mwina angaone Lamulungu kuti pamzere wa amayi pali mpata. Woti angazindikire tsiku lomwelo ndinamusowa, Aphungu.

Amene anatsegula ndi bambo wina wodula nyama, wamkulu pa onsewo, atabwera kudzatenga mwendo wa ng'ombe. Anayatsa magetsi, anandiyang'ana n'kuti, "Mayi Ameni, mpaka mumdima? Ndiye mwakwera kalasi. Mukutani muno?" Ndinayankha kuti ndimasanja katundu. Ndinanama, Mulungu andikhululukire. Anangopukusa mutu n'kunyamula nyama yake. Ndinapita kuchimbudzi, ndinaika manja m'khwapa mpaka zala zinayamba kubaya ngati singano, kenako ndinabwerera kukalongedza. Palibenso wina anafunsa. A kapitawo sanaone n'komwe kuti patebulo panga panalibe munthu. Nditaweruka ndinafika kunyumba, ndinakhala pabedi jekete ili m'thupi, ndilibe woti ndimuuze kuti lero ndikanafa.

Tsono chimene chikundichititsa manyazi ndi ichi: ndabwererako. Ndinapirira masiku angapo, mtima unadzadza, ndinalowanso, kungoti tsopano ndimapinda makatoni awiri. Koma ndikagwada khutu limakhala kuchitseko, pemphero silikuyendanso.

Ndimafuna kukanena za chogwiriracho kwa abwana aakulu, koma akandifunsa kuti ndimatani mmenemo nthawi ya nkhomaliro ndidzati chiyani? A dalaivala angawachotse ntchito chifukwa cha ine, ndipo ali ndi ana aang'ono. A kapitawo adzati ndawadumpha, pomwe ine ndine wa kontilakiti. Komanso mantha ndili nawowa, kodi si kuchepa kwa chikhulupiriro? Mulungu amene ananditulutsa tsiku lija sangandisungenso? Ndithandizeni.

E. M.

Mayi E. M.,

Sindikusekani, ndipo ndathokoza kuti muli moyo mpaka mwandilembera. Koma tiyambe ndi tulo tija. Sitinali mtendere wa Ambuye ayi. Umo ndi momwe kuzizira kumaphera munthu: kunjenjemera kumachepa, maganizo amafooka, tulo timabwera, basi. Bambo uja akanachedwa ndi kasitomala wovuta, bwenzi tikunena zina. Mulungu anakutulutsani, inde, koma sanakulonjezeni kuti tsiku lililonse padzakhala wofuna mwendo wa ng'ombe. Mantha anuwo si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndi nzeru zimene Iye mwini anakupatsani, ndipo zikugwira ntchito yake.

Choncho kupemphera mufiriji kuthe lero. Makatoni awiri, phazi limodzi lomwelo limachotsa onse. Mukamalowamo pa ntchito, uzani munthu pomutchula dzina, ndipo musalowe asanakuyankheni. Chitseko muchipanikize ndi chinthu cholemera, choti aliyense aone kuti mkati muli munthu, osati kampata kobisika kamene wodutsa angayese kuti wina waiwala.

Mawa pitani kwa a kapitawo poyamba, kuti asati mwawadumpha. Auzeni mosazungulira kuti munatsekeredwa mumdima ndipo munayamba kugona. Akatinso tikonza, apempheni mwaulemu kuti mupitire limodzi kwa abwana tsiku lomwelo. Kumeneko pemphani chogwirira chatsopano ndi belu loti munthu aliza ali mkati, komanso lamulo loti asatseke kapena kuzimitsa magetsi asanasuzumire ndi kuitana. Bwana aliyense woganiza amadziwa kuti chogwirira n'chotchipa kusiyana ndi maliro ndi apolisi pakhomo. Za kontilakiti sindingakunamizeni kuti palibe choopa, n'chifukwa chake mutenge mnzanu mmodzi akhale mboni. Akakana kukonza, ofesi ya boma yoona za anthu apantchito ilipo chifukwa cha nkhani ngati zimenezi.

A dalaivala musawadere nkhawa. Anachita zomwe anauzidwa, ndipo inu mukanene zomwezo, kuti wolakwa ndi chitseko. Kuwabisira si chifundo. Taganizani mmene bambo ameneyu akanakhalira moyo wake wonse, atamva kuti phazi lake ndilo linakuphani. Ndipo akakufunsani kuti mumatani mmenemo, nenani kuti mumapemphera. Inali nthawi yanu yopuma, simunabe kanthu. Manyazi ake ndi a tsiku limodzi.

Tsono za kusowa kwanu osazindikirika. Zimawawa, ndamva. Koma ndikuuzeni monga mnzanu, mayi: anthu aja munawazoloweza nokha kuti nkhomaliro ikakwana mumasowa, ndiye atapanda kukuonani sanadabwe. Mmodzi yekha amene anakufunsani kuti mukutani, munamubweza ndi bodza. Yambani ndi iyeyo. Muuzeni zimene zinachitikadi, ndipo mumupemphe kuti akhale mboni ija. Anthu a pakamwa pa nthabwala ambiri mtima amakhala nawo, amangosowa pouonetsera. Pa nkhomaliro bwererani pabenchi. Nthabwala zikazima zisiyeni, zidzayakanso, ndipo akati tchalitchi chalowa, auzeni kuti chopereka ndi nyama ya m'mbale mwawo. Munthu amene amadya nawo ndi amene amafunsidwa tsiku limene sanaoneke.

Malo ofuulira kwa Mulungu mukuwafunadi, sindikukuletsani. Auzeni abusa anu kuti kunyumba makoma ndi opyapyala. Tchalitchi chimakhala chopanda anthu masiku ambiri a mkati mwa sabata, mungamadzereko poweruka. Mwinanso kukwayako kuli mayi wina wamasiye amene nayenso akusowa pofuulira. Mwana wanu musadikire kuti aimbe, imbani ndinu, mumuuze zonse osachepetsa. Ndipo ngati tulo tija mumatikumbukira mokoma, ngati pena mumaganiza kuti zikanakhala bwino akanapanda kutsegula, zimenezo musasunge nokha. Kauzeni abusa kapena a kuchipatala sabata ino.

Chenjezo langa ndi ili. Mukapitiriza kukhala chete, wotsatira kutsekeredwa mwina sadzakhala inu. Adzakhala mmodzi wa atsikana apatilu aja, wotumidwa nkhuku imodzi shopu ili pafupi kutsekedwa, wopanda jekete, onse akuthamangira basi yakwawo. Pashopu yonseyo ndi inu nokha amene mukudziwa kuti munthu akamakuwa mkatimo, panja samveka. Pitani mawa mukanene.

Aphungu