Kagetsi Kofiira ka Mzime Wanu

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Kuno tilipo, ngakhale kuti mtima wanga suli m'malo. Ndiyambe ndi zabwino, poti munkadana ndi munthu woyamba kudandaula asanakhale n'pansi pomwe. Mpunga ku Wovwe wachita bwino chaka chino, ngala zalemera mpaka zina kugona. Mbuzi yanu yamakani ija yaswa ana awiri, ndipo onse atengera make, mpanda sauyesa kanthu. Ana amene munawaphunzitsa amandiimitsabe pamsika ku Ngara n'kumati, "Si inu Lusekelo, mwana wa amadamu a ku Dedza aja?" Ena mwa iwo ndi andevu tsopano, koma akamakutchulani amaimabe chilili ngati ali pamzere.

Nkhani yaikulu ndi ya mlongo wanga Tiwonge. Ali ndi pakati, ndipo mwezi wake ndi uno. Munachoka musanaone mdzukulu, ndiye ndimati ndikuuzeni mokondwa, koma nkhaniyi yakolana ndi ya mzime wanu.

Inde, galimoto ija munagula mutapuma ntchito, imene munkati ndi mwana wanu womaliza. Ndikuisamala monga munandiphunzitsira. M'mawa uliwonse ndimasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kukapukuta, n'kukabwezera, n'kukasololanso. Akatsika pang'ono ndimathirako wina pamwamba, mawu anu aja ali m'khutu: "Mzime wanga asagone ndi ludzu." Koma tsiku lina ndikuchokera ku Boma, nditangodutsa Mwenilondo, kagetsi kofiira kokhala ngati ketulo kanayaka kutsogoloku. Ndinaima pamalo osatsetsereka, ndinadikira injini izizire, ndinayeza. Oyilo anali pamzere wapamwamba penipeni. Ndinasuzumira pansi, panalibe ndi dontho lomwe.

Nditakafika ku Wovwe ndinawauza alamu, amuna ake a Tiwonge. Mukuwadziwa, munthu wabwino mtima koma wosafuna kuti chinthu chimusowetse tulo. Anayeza okha, anaseka, n'kuti, "Alamu, palije suzgo apa, palibe vuto. Oyilo ngodzaza. Kagetsi aka kakunama waka." Analowa m'nyumba, anatuluka ndi pulasitala wa pabala, n'kumata pakagetsiko. "Mwaona? Kachira."

Nanenso ndinaseka, Amayi, chifukwa ndinkafuna kuti zikhale zoona. Komabe ndinapita kwa makaniko wina ku Mwenilondo, a Mwalwanda. Iwo anati nthawi zambiri chimalakwa ndi sensa, kachipangizo kamene kamauza kagetsiko kuti kayake. Tinaikamo ina yatsopano. Ndinatukula pulasitala uja, kagetsi kanali katazima, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo. Mawa lake injini itatentha, nditaima pamsika, ndinatukulanso. Kanali kakuphethira, ndipo m'injinimo munkamveka kaphokoso kakang'ono, tiki tiki tiki, ngati makina anu osokera aja.

Sabata yomweyo Tiwonge anapita kusikelo. Anamwino anamuyeza n'kupeza kuti magazi akuthamanga kwambiri, mapazi nawo atupa. Anamuuza kuti asadikirenso kunyumba, apite kuchidikiro ku chipatala chachikulu, akakhale pafupi ndi madokotala mpaka atachira. Iye anakana. Anati mpunga wacha, mbalame zikuutha, odula ayenera kuphikiridwa, ndipo galimoto ilipo. "Matenda akayamba achimwene adzanditenga, basi."

Ndinapita kukalankhula naye. Ndinamupeza pakhonde akusoka matumba a mpunga, miyendo atatambasula. Ndisanamalize n'komwe anandidula mawu. "Achimwene, tandiyang'anani bwino. Ndikuoneka wodwala ine? Makina awo aja ndi otha."

Mawu amenewo ndi anu, osasintha ngakhale limodzi. Mukukumbuka mmene munkabwerera kuchipatala mutakwiya, mukuti kansalu kawo komanga pamkono kaja kamanamizira anthu? Munali onenepa bwino, khasu munkaligwira kuposa ife, ndipo mapiritsi munawasiya m'kabati chifukwa simunkamva kupweteka paliponse. Tonse tinkakuonani muli amphamvu mpaka m'mawa uja munagwa m'dimba la nthochi. Sindikukudzudzulani ayi. Ndikungonena kuti ndinamva liwu lanu m'kamwa mwa mwana wanu, ndipo ndinachita mantha kuposa tsiku la maliro anu.

Ndiye ndinachita chinthu chimene mwina mukadandimenya nacho khofi. Ndinapita pagalimoto, ndinamatula pulasitala uja, n'kukamuika m'manja mwake. Ndinamuuza kuti galimoto ya Amayi siyendanso mpaka aitsegule m'mimba, ndipo matenda akamuyamba asandiimbire, chifukwa sindifuna injini idzatifere pakati pa msewu iye akubuula kumbuyo. Alamu anayesa kulowererapo. "Alamu, mukukuza nkhani. Oyilo tayeza tonse." Ndinawayankha mwaulemu kuti ayeze kangapo mmene angafunire, kiyi ali m'thumba mwanga. Chikhalire sindinayambe ndatsutsanapo nawo pamaso pa anthu, koma tsikulo ndinatero odula mpunga onse akumva.

Tiwonge analira. Anati ndine wouma mtima, anati inu mukadakhalapo simukadamutaya chonchi. Mawu amenewo akundiwawabe mpaka lero. Koma mawa lake m'mawa anamanga zitenje ndi beseni, ndipo apongozi ake aakazi anamuperekeza pa minibasi. Ine ndinanyamula katundu mpaka kumsewu. Sananditsanzike.

Galimoto tinachita kuikoka ndi ina mpaka kwa a Mwalwanda. Anamangirira geji yawo yoyezera mphamvu ya oyilo, ndipo injini itatentha muvi unagwa pansi. Anandifotokozera kuti kagetsi kaja sikawerenga kuchuluka kwa oyilo, kamaona ngati akukankhidwa ndi mphamvu kufika kumene akufunika. Atamasula chibeseni cha pansi pa injini anandiitana. Sefa imene pampu imakokera oyilo inali itatsekeka ndi zinthu zakuda zonga phula. Anapala ndi chala n'kundifunsa kuti oyilo yense tinamukhuthula liti. Inu ndi ine, Amayi, zaka zonsezi tinkangothira watsopano pamwamba pa wakale, tikunyadira kuti mzime sagona ndi ludzu. A Mwalwanda anapukusa mutu. "Pole sana, pepani bambo. Mukadayenda nayo ulendo wina wautali, ikadauma injini oyilo ali wodzaza chomwecho." Akuti pampu nayo yadyeka, ayitanitsa ina kutsidya kwa malire, ndipo za mkati mwenimweni sangalonjeze mpaka itadzalira.

Ndiye mzime wanu ali pamiyala ku Mwenilondo, mimba ili pululu. Tiwonge ali kuchidikiro. Apongozi ake akuti magazi akutsika tsiku lina, lina n'kukweranso, ndipo madokotala akukambirana zoti mwina asadikire kuti matenda ayambe okha. Ndikamuimbira sayankha. Ine ndapempha tchuthi kuntchito, ndili ku Wovwe kudula mpunga wake pamodzi ndi alamu. Timagwira ntchito moyandikana koma nkhani zathu ndi za zikwakwa ndi matumba basi. Manja anga a muofesi atuluka matuza, mukadawaona mukadaseka mpaka misozi.

Dzulo apongozi aja anabwera kudzatenga ufa ndi nkhuni. Ponyamuka anandikokera pambali n'kundiuza kuti Tiwonge wafunsa ngati mpunga wa kumunsi kwa ngalande tadula, ndipo wati ndisamaiwale chipewa chifukwa dzuwa limandipweteka mutu. Moni sanapereke, koma za chipewazo zandikwanira.

Sindikudziwa kuti sabata ino itha bwanji, Amayi. Ndikuopa, ndipo palibe wina amene ndingamuuze zimenezi mosabisa. Ngati kumeneko amakulolani kuyang'ana kuno, musayang'ane ine kapena galimoto, yang'anani mwana wanu ali pamkeka kuchidikiroko. Zikayenda bwino ndidzabwera nawo onse awiri kudzasesa pamanda panu, mzime wanu ndiye atatinyamula. Ndipo kagetsi kalikonse kakadzayakanso pabanja pano, pagalimoto kapena pamkono pa munthu, palibe adzamatepo pulasitala ine ndili moyo. Limeneli ndi lonjezo langa.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri mwezi uno.

Ine mwana wanu,
Lusekelo