Wofulatira Nyanja

Pamwamba pa shopu ya nsapato,
Msewu wachitatu kuchokera kugombe,
Lachiwiri, pa 14 Okutobala.

Okondedwa Achemwali,

Ndikudziwa kuti envulopuyi mwaitembenuza kawiri musanaitsegule, n'kumadzifunsa kuti kodi a Dipuloma aja foni yawo yagwera m'madzi? Foni ilipo, ili bwinobwino. Koma pafoni inu mumandidula pakamwa ndisanafike pakati pa nkhani, monga mwakhala mukuchitira chibadwire changa, pomwe pepala lilibe mwano wotero. Ndiye khalani pansi, vulani nsapato zanu za unesizo, alamu akupatseni madzi akumwa.

Ife kuno tilipo. Amayi akudya bwino, miyendo yasiya kutupa, koma mutu uja ukungotayabe zinthu. Tsiku lina ananditcha dzina la bambo kuyambira m'mawa, n'kundikalipira pa mlandu wa chaka chimene ndinali ndisanabadwe. Ndinapepesa. Kuwasiya okha m'nyumba sindingathe, mukukumbukira za mbaula ija, choncho takhala tikutsikira limodzi kugombe m'mawa uliwonse, ine kamera m'khosi, iwo ambulera m'manja. Ndimawakhazika pampando wopinda pafupi ndi mayi wogulitsa zipewa, ine n'kumasaka alendo ofuna chithunzi. Zaka zitatu za ku koleji, kuphunzira za kuwala ndi mthunzi, mathero ake n'kumakuwa kuti "Akulu, kamodzi kokha, mafunde aoneke kumbuyo!" pamalo omwewo pamene bambo ankakuwira osapita kusukulu.

Malamulo awo aja ndinkawaseka, lero ndimawasunga ngati Malemba. Kamera imavala thumba la pulasitiki, kungotulutsa mphuno yokha yomangidwa ndi mphira. Kutsogolo kwa lenzi kumakhala kagalasi wamba koti kazilandira mchere wa m'nyanja yathu yamchereyi m'malo mwa lenzi yeniyeniyo. Pachitseko cha batire ndi cha khadi ndimamata tepi. Chikwama sichigunda mchenga. Mchenga ukagwera pagalasi supukuta, umauzira ndi kapopera ka labala, chifukwa ukapukuta wapala galasi lako ndi manja ako omwe. Pofika kunyumba, kansalu konyowetsa ndi madzi akumwa, kufinya kwambiri, kupukuta paliponse mchere usanayambe kudya zitsulo. Ndipo lamulo lalikulu: usasinthe lenzi pagombe. Zikakukakamiza, fulatira nyanja, gwada, kamera iyang'ane pansi, thupi lako likhale khoma, umalize usanawerenge mpaka teni.

Sabata zitatu zapitazo zinandikakamiza. Kunabwera akwati ndi gulu lonse la abale, anthu ngati makumi atatu, ndipo apongozi aakazi sanafune kuti m'bale ngakhale mmodzi adulidwe khutu. Panafunika lenzi yotambasula. Ndinafulatira nyanja, ndinagwada, ndinasintha. Potembenuka, mpando wa amayi unali wopanda munthu. Anali ataima m'madzi ofika m'mawondo, ambulera ili chitsegulire, masanasana dzuwa likuswa mtengo.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Akuitana."

"Ndani?"

"Iwe, usachite ngati sukumva," anatero, n'kundilola kuwatulutsa.

Tsiku lomwelo, poyang'ana zithunzi pakompyuta, ndinapeza kadontho kakuda pamadzi, kumanzere kwa mkwatibwi. Ndinadzitukwana ndekha. Wojambula aliyense amakadziwa kadontho kotero: kamchenga kalowa mpaka pagalasi lamkati limene limagwira chithunzi. Ndinauzira, ndinauziranso, ndinakafufuta pakompyuta, akwati anapita okondwa. Mawa lake kalipo. Mkuja wake kalipo, katanenepako.

Patatha sabata ndinanyamula kamera kupita nayo kwa wokonza makamera, uja timamutcha a Disolimodzi chifukwa cha kagalasi kokuzira kamene sikachoka padiso lawo. Ndinatenganso zithunzi zosindikiza zisanu ndi chimodzi, chimodzi pa tsiku.

"A Dipuloma, munaitsegula pagombe, eti?"

"Kamodzi kokha."

"Onse amati kamodzi kokha, ngakhale aja amabwera ndi mimba."

Anajambula khoma loyera la shopu yawo: mbee! Anatuluka panja n'kujambula thambo: mbee! Anaitsegula, anaunika mkati, anaitseka. Kenako anandanditsa zithunzi zija patebulo, ndipo nthabwala zinawathera.

"Mchenga suyenda, achimwene," anatero. "Ukakhala pagalasi lamkati umakhala pakona imodzi ya chithunzi, kaya mwajambula ng'ombe kaya bishopu. Ichi sichili pamalo amodzi a chithunzi, chili pamalo amodzi a nyanja. Taonani apa, munapendeketsa kamera, icho chaima chilili. Ndiye Lolemba chinali kuseri kwa mafunde, Lachinayi chili kutsogolo kwake."

"Ndiye n'chiyani?"

"Kamera yanu ilibe mlandu. Ine ndimakonza makamera basi." Anandibwezera ngati ikuwotcha.

Ine ndine munthu wasukulu, Achemwali, musandiseke. Ndinati ndi chikuni choyandama. Ndinati ndi chizindikiro cha asodzi. Ndinaima pagombe n'kuyang'ana pamalopo ndi maso anga mpaka misozi: madzi okhaokha. Ndikajambula, icho chilipo. Zithunzizo ndinazibisa pansi pa matiresi, koma amayi, amene sadziwa pamene ali mankhwala awo, anazipeza. Ndinawapeza atakhala pakama, chithunzi cha Lachisanu chili pamiyendo, akuchisisita ndi chala.

"Tamuona Kakowa," anatero. "Sanadye ameneyu. Akakhala ndi njala ndi m'mene amaimira choncho."

Ndinayang'anitsitsa. Mukumukumbukira mzime wathu m'mene ankaimira, mwendo umodzi pansi, phazi linalo atalitsamiritsa pabondo, mpaka dzina lake lenileni tinaliiwala n'kumangoti Kakowa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi chimutengere nyanja, osatibwezera ngakhale kabudula wake. Kadontho kaja kanali ndi mutu, kanali ndi mapewa, kanali ndi mwendo umodzi. Sikanakule.

Tsopano ndifike pachimene ndatengera pepala, chifukwa ndazungulira mokwanira.

Inu munali kusukulu yogonera komweko, ndipo munauzidwa zimene anauzidwa aliyense: kuti bambo anafulatira nyanja posintha lenzi, potembenuka mwana palibe. Munawasungira chakukhosi mpaka kumanda. Pamaliro awo simunalire, ndinakuonani. Achemwali, bambo panthawiyo sanali pagombe. Anathamangira kumsewu kukapereka zithunzi kwa alendo amene basi yawo inkanyamuka. Anandisiyira ine, wa zaka khumi ndi ziwiri, kamera ndi Kakowa, n'kunena kuti, "Uyang'anire zonse ziwiri." Mphepo inadzuka, mchenga n'kuyamba kulasa m'miyendo, funde lalikulu likubwera ndi thovu lake. Ndinachita ndendende zimene ndinaphunzitsidwa. Ndinafulatira, ndinagwada, ndinaifungatira kamera pamimba, ndinayamba kuwerenga. Ndinamumva akuitana, "Achimwene, taonani!" monga ankaitanira akatola chigoba chokongola. Ndinali pa seveni. Ndinayankha kuti, "Dikira."

Bambo pobwera anayamba aiona kamera. "Yauma," anatero, "ndiwe mwamuna iwe." Kenako n'kufunsa, "Nanga mng'ono wako?"

Tsiku lomwelo, anthu ali kalikiliki ndi mabwato, anandikokera pambali n'kundigwira phewa mpaka kuwawa. "Lenzi ndimasintha ndine. Iwe ndinakutuma kumsewu. Wamva?" Ndinamva. Ndakhala ndikumva zaka zonsezi, ndikudya nanu, ndikukuthandizani kuwanena bambo kuti ankakonda chitsulo kuposa ana awo. Ndinkawanena bwino kuposa inu, paja ndine wodziwa kuyankhula.

Mwina mukuti za kale zinapita. Nanenso ndinkatero mpaka Loweruka lapitali. Ndinali nditalumbira kuti amayi sindiwachotsa diso. Mpando wawo ndinausendeza kufupi, lenzi sindinasinthe. Cha m'ma leveni koloko kunabwera funde lina losayembekezeka, lija limakwera mpaka pamene anthu ayala matawulo. Sindinaganize kanthu. Thupi linangodzitembenukira lokha, mawondo pansi, kamera pamimba, pakamwa pakuwerenga. Chimene chinandidzutsa ndi mawu a mayi wa zipewa uja.

"Bambo inu! Mayi anu! Mukufungatira chitsulo mayi akumira?"

Anawapeza madzi ali m'chiuno, n'kuwakoka ndi lamba wa diresi. Zipewa zake zisanu zinapita ndi madzi. "Mukanakhala mwana wanga ndikanakuthyolerani ambulerayi pamutu," anatero. Amayi ankangoseka. Dzanja lawo lamanzere linali lotambasulira pansi, zala zitapinda, monga amachitira munthu akagwira mwana powoloka msewu. Zalazo sanazitambasule mpaka kunyumba. Pamasitepe anayenda cham'mbali, kusiya malo.

Ndiye mwaona. Si mizimu imene ndikuopa kwambiri, ndikuopa msana wangawu. Unaphunzira ntchito imodzi uli wanthete ndipo sudziwa ina. Kawiri konse wandisankhira, ndisanafunsidwe.

Chiyambire Lamulungu sitinapite kugombe. Kamera ndaipukuta, ndaitsekera m'chikwama, chitseko cha nyumba ndimakhoma, kiyi m'thumba. Ndinkati nkhani yatha. Dzulo masana wosoka nsapato wapansipa anandiitana atakwiya.

"A Dipuloma, mwana wa ndani akunyowetsa masitepe? Makasitomala anga aterereka."

"Kuno kulibe mwana."

"Nanga awa ndi mapazi anga?"

Anali mapazi aang'ono, onyowa, okhala ndi timchenga m'mphepete. Iye pokhala munthu wa nsapato ndi amene anaona chimene ine sindinafune kuona. "Lamanzere lokhalokha," anatero. "Saizi ya mwana wa zaka sikisi." Anakhudza ndi chala, analawa, analavula. Anali madzi amchere. Lero shopu watseka msanga, akuti mutu ukumuwawa. Dzulo mapaziwo analekezera pakati pa masitepe. Lero kwatsala masitepe atatu kuti afike pakhomo, ndipo amayi akokera mpando wawo pafupi ndi chitseko, akung'ung'udza kanyimbo kaja ankamuimbira pomusambitsa.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mudzawatenge amayi. Kwanuko kulibe nyanja, kuli mapiri ndi fumbi ndi alamu, zinthu zosamiza munthu. Ndikudziwa kuti nyumba ndi yaing'ono ndiponso kuti tchuthi kuchipatala sapereka ngati maswiti, koma auzeni kuti mayi akudwala, simunama. Kalatayi ndiipereka kwa dalaivala wa basi ya mawa m'mawa kuti ikupezeni msanga. Mukwere ya Lachinayi, musadikire Loweruka. Mankhwala awo ndalongedza, ndalemba ndi nthawi zake, ngakhale ndikudziwa kuti mudzandikonza sipelo.

Za ine musavutike. Nditsala. Amene akuitanidwa si amayi, iwo angomva chifukwa makutu awo a dziko lino ayamba kutseka. Amene anauzidwa kuti "taonani" ndine, ndipo sindinaonebe. Inu mukangonyamuka ndidzatsikira kugombe manja ali lende, opanda chonyamula, ndikaime moyang'ana madzi. Sindikulowamo, musandiwerenge molakwa. Ndikungofuna ndikaone chimene anatola. Mukafuna kunditukwana chifukwa cha bambo, mudzanditukwanire pamaso, ndidzakhala chete koyamba m'moyo wanga. Koma mukapeza mpata, muwalire. Anadikira nthawi yaitali.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti chithunzi chawo cha ukwati chija ndinawachepetsa mimba mwaulere, asamanyade. Moni kwa ana onse, makamaka wamkuluyo amene akuti akufuna kamera, mumugulire mpira. Wosoka nsapato akupereka moni, mayi wa zipewa akuti akufuna adzakuoneni kuti adziwe ngati m'banja mwathu muli wanzeru.

Amayi akupereka moni wambiri. Ndawauza kuti mukubwera ndipo akondwa. Akuti mubweretse juzi yaing'ono chifukwa kwanuko kumazizira, ndiponso kuti pa basi yobwerera musungitse mipando itatu. Ine ndawauza kuti iwiri. Achemwali, musungitse iwiri, amayi muwakhazike kuwindo, inu mukhale kunjira, ndipo dzanja lawo lamanzere muligwire inuyo mpaka mukafike.

Ndine mlongo wanu wopanda nzeru,
A Dipuloma.