Mkazi wa m'gemu ya Tadala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Wimbe tilipo, ndipo amayi mwendo uja wasiya kutupa.

Foni munamutumizira Tadala ija yandipatsa maganizo. Lachiwiri tikusankha fodya m'chigafa, mtsikana wangayu anapumira pambali n'kumasewera gemu ya nkhondo. Nditasuzumira ndinaona mkazi atanyamula lupanga, mabere ndi ntchafu zili pamtunda, m'chiuno muli kansalu kosakwana n'kupukutira m'manja komwe. Nthawi yomweyo apongozi aamuna anatulukira. Ndi manyazi ndinatsomphola foniyo n'kuivundikira ndi tsamba la fodya.

Apongozi atachoka, alamu anga aNabanda anati foniyo ilandidwe, ikuphunzitsa mwana uhule. Tadala anayankha misozi ikulengeza: "Amayi, amuna a m'gemumu avala zitsulo kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Ndafufuza zovala za mkaziyu, zonse n'zotere. Ndikhoza kusankha mwamuna, koma ine ndimafuna ndipambane ndili mkazi."

Ndimayesa mwana walowerera, osadziwa kuti nayenso zikumuwawa. Foni ndinamubwezera, ngakhale alamu mpaka lero akundiyankha mokoka.

Chonde mutifunire gemu ina, ya mkazi wovala bwino koma wodziwa kumenya. Ndipo inu amene muli pafupi ndi anthu a makompyuta, mukakumana ndi ojambula zimenezi mundifunsire. Ife pokathyola fodya timavala malaya aatali manja ndi zitenje ziwiri, kuopa utomoni chabe. Nanga mnzathuyu, wopita kukakumana ndi mikondo, anamulakwira chiyani?

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Esinati