Amayi asakhalepo pa mayeso a Teófilo

Okondedwa achemwali a Nurys,

Muli bwanji ku Bronx kutsidya la nyanjako, ndi alamu ndi ana? Kuno tadzuka ndithu. Mkazi wanga Dilcia ali bwino. Mwana wathu Yarisa wayamba kuyenda, koma mphumu ija sinamusiye. Ndalemba kalata chifukwa pafoni amayi amatchera khutu.

Mukukumbuka namondwe wa chaka chatha. Mlatho unakokoloka, mafoni onse zii, mwana akubanika m'manja mwanga popanda woti ndimuitane. Zimene zija sindifuna kuzionanso. A kalabu ya mawailesi olankhulirana kutauni anati atipatsa wailesi imodzi kuphiri kuno, bola wina akhoze mayeso atenge laisensi. Ine ndi mabuku mukundidziwa. Amene anadzipereka ndi mng'ono wanga Teófilo. Chichitireni khungu pa ngozi ya njinga yamoto ija amangokhala, ndiye waloweza zonse pomvetsera pafoni.

Poti saona, oyesa anavomera kubwera kunyumba, azimuwerengera mafunso, iye aziyankha pakamwa. Lamulo linali limodzi: m'chipindamo mukhale iwo ndi iyeyo basi.

Achemwali, amayi anauza mudzi wonse. Anapha mbuzi. Oyesa asanakhale pansi, khofi. Funso loyamba, khofi wina. Nditawaletsa anandifunsa ngati ndinaleredwa ndi nkhumba, kuti alendo akhale kukamwa kuli gwa m'nyumba mwawo. Kenako anakaima kumbuyo kwa Teófilo ndi kolona, ati akungopemphera.

A Chencho oyandikana nawo nyumba aja ndi anzawo osewera nawo domino anadzaza pazenera. Teófilo akati aganize kaye, a Chencho n'kukuwa kuti asankhe B, yankho limakhala B nthawi zonse. Munthu woti batire la tochi amaika chozondotsa!

Wamkulu wa oyesawo anatseka mapepala n'kunena kuti mayeso afa. Mbuzi yokha anadya. Teófilo anadzitsekera m'chipinda, akuti amusandutsa chidole cha pachikondwerero. Amayi akuti anthu a kutauni alibe ulemu.

Ndinapita kukapepesa. Avomera kubweranso kamodzi kokha, Loweruka lomaliza la Meyi, anamondwe asanayambe. Zikakanikanso, wailesi ipita kumudzi wina.

A Chencho ndathana nawo, Dilcia awasamutsira masewera awo kutsidya kwa mtsinje tsikulo. Andikanika ndi amayi. Inu amakumverani. Aimbireni, muwauze kuti mwawatumizira katundu kumzinda wa Santiago woti akalandire okha Loweruka limenelo. Ndipo mutumizedi kanthu chonde, ngakhale sopo, apo ayi ine ndasamuka m'mudzi muno.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni m'kuzizira komweko.

Ndine mchimwene wanu,
Fermín

Musachedwe. Amayi agula kale mbuzi ina.