Apongozi Akufuna Ndiwalembere Mankhwala M'dzina la Pulofesa

Aphungu,

Ndithandizeni, mutu wanga waima. Ndine namwino pa chipatala china chachikulu kuno ku Jinju, mzinda wakutali kunja kwa dziko la Malawi. Nditagwira ntchito zaka zingapo mu wodi ndinabwerera kusukulu, ndipo pano ndine katswiri wa zilonda, makamaka za odwala shuga ndi amene achitidwa opaleshoni. Ntchito yangayi ndimaikonda, ngakhale kuti anthu amasiya kudya ndikayamba kuifotokoza.

Madokotala kwathu ndi ochepa. Mkulu wathu, amene ndingowatchula kuti Pulofesa Pyo, amaswera m'chipinda cha opaleshoni, ndipo akatuluka amathamangira kumsonkhano kapena kugofu. Odwala ankabuula mpaka madzulo kudikira wowalembera mankhwala opha ululu. Ndiye chaka chatha, pa chakudya cha ogwira ntchito, a Pulofesa ananditsanulira mowa wa soju okha, anthu onse akuona, n'kundinong'oneza nambala yawo yachinsinsi ya pakompyuta. Anati, "Sisitala, inu ndinu dzanja langa lamanja. Muzingolowa n'kulemba, musamandiitane pa chilichonse ngati mwana wasukulu." Sindibisa Aphungu, ndinanyadira kwambiri. Kuyambira tsikulo ndimalemba mankhwala m'dzina lawo, ndipo odwala anga sadikiranso.

Vuto linabwera chifukwa ndinauza amuna anga. Iwo anauza amayi awo, amayi awo anakauza anzawo kubafa ya anthu onse ya m'dera lathu, ndipo mukudziwa nokha kuti nkhani ikalowa mu nthunzi ya kumeneko imatuluka itanenepa. Pa chikondwerero cha zokolola cha Chuseok, ndili chigwadire kukazinga zitumbuwa za jeon, msana ukuwawa, ndinangomva apongozi akuitana ali pabalaza: "Iwe make Ye-dam, tasiya kaye zimenezo udzaone bondo la azakhali akowa. Mpongozi wangatu uyu ndi dokotala tsopano, kungoti satifiketi ikuchedwa." Tsiku limenelo ndinaona mabondo, zotupa ndi lilime la amalume ena amene sindikuwadziwa n'komwe.

Alendo atapita apongozi anandikokera kukhitchini. Anati dokotala wawo wawauza kuti achepetse mapiritsi ogonetsa. "Kamnyamata kouma mtima kaja! Kodi kamagona ndi maso anga? Iwe ungodina pamakina pako paja, ine ndikatenge kufamase, basi." Dzina lawo lilimo kale m'kompyuta ya chipatala chathu, ndiye n'zoona kuti n'kungodina. Nditazengereza, amuna anga anati, "Amayi akutilerera mwana tsiku ndi tsiku, ndiye piritsi lomweli likuvute? Anthu osawadziwa umawalembera, nanga amayi anga alakwa chiyani?"

Mwezi wamawa tili ndi mwambo wokumbukira malemu apongozi aamuna, abale onse adzasonkhana, ndipo apongozi andiuza kuti ndisadzabwere chimanjamanja, opanda mapiritsiwo. Ndikawakana ndikhala mpongozi wamwano, komanso sindikudziwa amene angamatenge Ye-dam kusukulu ya mkaka. Kodi ndiwalembere kamodzi kokha kuti pakhomo pakhale mtendere? Ngati ayi, ndiwakane bwanji osawachititsa manyazi?

S.H., Jinju

A S.H.,

Choyamba ndikuyamikireni pa kukwezedwa kwanu. Anzanu akakwezedwa amalandira kalata yodinda ndi kenakake kowonjezera pa malipiro. Inu munalandira kapu ya soju ndi mpweya wa a Pulofesa kukhutu. Mwambo wokongola zedi, ndipo chipatala sichinawononge ngakhale pepala limodzi.

Mwandifunsa za apongozi anu, koma iwo ndi nkhani yaing'ono. Amuna anu, ngakhale pakamwa pawo pamadontha ngati ndowa yobooka, anakufunsani funso labwino. Anthu osawadziwa mumawalembera ndi mphamvu yanji? Mphamvu imeneyo mulibe. Mphamvu yolemba mankhwala ili ndi dokotala, ndipo siperekedwa mong'ung'udza pakati pa mbale za nyama yootcha. Sindikukayika luso lanu. Inenso ndimaona kuti namwino amene anaphunzira ngati inu ayenera kupatsidwa gawo lake lomveka bwino, m'dzina lake. Koma chimene muli nacho panopa ndi dzina la munthu wina, ndipo nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Taganizani tsiku limene wodwala wina adzatupe thupi lonse ndi mankhwala amene mwalemba, chifukwa zimenezi zimagwera ngakhale akatswiri. Kompyuta idzanena kuti analemba ndi Pulofesa Pyo, pa makina a mu wodi yanu. Nthawi yomweyo a Pulofesa adzakhala anali m'chipinda cha opaleshoni, manja ali m'mimba mwa munthu, mboni zitawazungulira. Mwina iwonso adzapsa pang'ono, koma anthu ngati iwo amakhala ndi maloya ndi anzawo a kugofu. Inu muli ndi chiphaso chanu cha unamwino chokha, ndipo ndicho chidzayambe kupita. Akukudyerani masuku pamutu, mwana wanga, inu n'kumaweramitsa mutu kuti asavutike kufikira.

Za mapiritsi a apongozi, yankho ndi ayi, ndipo palibe kamodzi kokha. Munthu amene akuvutika kugona mwezi uno adzavutikanso mwezi wamawa, ndipo azakhali a bondo aja ali pamzere. Inu mukudziwa kuposa ine chifukwa chake dokotala amachepetsera nkhalamba mankhwala ogonetsa. Mukufuna adzagwe pa masitepe atagwira dzanja la mwana wanu? Dokotala wawo anawayeza, inu simunawayeze, ndipo kukhitchini si koyezera odwala.

Musadikire tsiku la mwambo kuti muwakane pamaso pa abale, chifukwa manyazi amenewo sadzakukhululukirani mpaka kumanda. Pitani sabata ino, munyamule mapeyala abwino, muwapeze ali okha. Amuna anu atsogole ndipo ayankhule ndi iwo, poti amene anayatsa motowu ndi iwowo. Awauze amayi awo mosapita m'mbali kuti anakokomeza nkhani, mkazi wawo si dokotala, ndipo akagwidwa ntchito itha. Kenako inu mudzipereke kuwaperekeza kwa dokotala wawo. Mukakhale nawo m'chipindamo, mukafunse njira zina zothandiza tulo, mukawamasulire zimene akunena. Kusagona n'kowawa, ndipo mwina mayiwa akungofuna wina awamvere. Adzanyanyala, inde, koma mdzukulu sangamutaye chifukwa cha piritsi. Ndipo akadzabwerera kubafa adzakhala ndi nkhani yatsopano, yoti mpongozi wawo anasiya ntchito tsiku lonse kuwaperekeza.

Tsopano kuntchito. Lekani kulowa m'kompyuta ndi dzina la a Pulofesa, ndipo muwapemphe asinthe nambala ija. Ndikudziwa kuti mtima ukuwawa poganiza odwala akubuula mpaka madzulo, koma kuchepa kwa madokotala ndi katundu wa chipatala, si wanu nokha. Ndikukayika ngati ndinu namwino yekhayo amene anatsanuliridwa soju pachipatalapo. Funsani anzanu mwakachetechete, mupite limodzi kwa mkulu wa anamwino, chifukwa chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mukapemphe kuti aliyense azilowa ndi dzina lake, ndiponso kuti chipatala chilembe poyera zimene namwino katswiri angakonze, ndi dokotala amene azizivomereza zisanafike kwa wodwala. Ngati pali bungwe la anamwino limene mumasonkhako, lino ndi tsiku loti ligwire ntchito yake.

Mwina mukuona ngati ndikuwanyoza a Pulofesa, munthu amene amakukhulupirirani. Chabwino, ayeseni nokha. Apezeni masana mu ofesi mwawo, alibe chakumwa m'manja, muwapemphe mwaulemu kuti zimene anakuuzani zija azilembe papepala n'kusainira, kuti akulolani kulemba mankhwala m'dzina lawo. Akayamba kuseka n'kunena kuti zinthu zotere sitilemba, musakwiye. Muwerame bwinobwino n'kuwathokoza, chifukwa akuuzani lero, wina asanavulale, zimene adzayankhe tsiku limene apolisi adzafunse kuti analemba mankhwalawa ndani.

Aphungu