Nkhonya ya pa Nkhuti ya Mbatata

Lachinayi, mwezi wa Julyu. Kwazizira, koma mtima uli m'malo.

Kuyambira pamene anyamata amfuti a m'tchire anatilanda mbuzi, m'mawa uliwonse ndimamenya thumba la mchenga kuti nkhonya ilemere. Lero yagwira ntchito. Ndapeza a Zuze, atsibweni a mkazi wanga, akufukula nkhuti ya mbatata imene ndinabisira mwana wanga Tomasi.

Akuti, "Akamwini, ndi njalatu iyi."

Ndinapotoza chiuno ngati mmene ndimachitira pathumba paja, n'kuwasasantha nkhonya kamodzi kokha. Mano awo anagwera m'dothi. Akatafune ndi nkhama tsopano.

Amake Tomasi sakundiyankhula. Zilibe kanthu, mwana wadya. Chondivuta ndi dzanjali, latupa ndipo zala sizikupindika. Amfuti aja akabweranso mawa, Tomasi ndimunyamula ndi chiyani pothawa?