Jelo Yathu Sinajambulidwe: Chipepeso pa Imfa ya Bambo Fanuel Alfred

Kwa mayi Immaculate Alfred, ana, abale a ku Marka ndi onse amene akumva uthengawu,

Bungwe la Amayi Ochulukitsa Mbewu ya Mbatata kwa Lundu lalandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya bambo Fanuel Alfred, katswiri woyeza matenda a mbewu ku labotale ya zaulimi kuno ku Chikwawa. Ine wapampando uthengawu unandipeza pansi pa mtengo wa masawu, ndikumanga mitolo ya mbewu ndi kuiwaza madzi kuti isafote, pamene bambo Damiano a kabaza anaima, osatsika n'komwe panjinga, n'kundiuza kuti a Alfred agwa ali pa ntchito ndipo atsirizikira panjira ya kuchipatala. Luzi linali m'mano mwanga, ndipo sindikudziwa kumene ndinalilavulira.

Malemuwa anatumikira alimi a m'chigwa chino mokhulupirika ndi mosanyada. Ndiwo anatiphunzitsa kuti mbewu ikhoza kubiriwira bwinobwino koma ili ndi kachilombo m'kati, ndi kuti wogawa mbewu yosayeza amagawa njala. Ankatenga madzi a tsamba, kuwathira m'timabowo ta jelo, kachidutswa konjenjemera ngati phala lozizira, n'kuyendetsamo magetsi. Akatero ankaika jeloyo m'bokosi la mdima lokhala ndi nyali yapadera ndi kamera, ndipo pa kompyuta pankatuluka timizere towala, tosonyeza mbewu yodwala ndi yabwino. Chithunzicho ndicho chinali umboni, pakuti jelo sisungika: ikapanda kujambulidwa msanga, timizere timabalalika, ntchito yonse n'kupita pachabe. Ndi zithunzi zimenezo madimba ambiri anapulumuka, kuchokera kuno mpaka ku Nsanje.

Mayi Alfred, inu munkati bokosi lija ndi mkazi mnzanu, ndipo simunkanama. Ife tikupsa ndi dzuwa la m'chigwa muno, ilo lili m'chipinda chozizira, lofunditsidwa nsalu, lopukutidwa fumbi ngati khanda. Wolowamo ankavula nsapato. Ine ndabereka ana, ndalera zidzukulu, koma palibe anandisamalapo chotero.

Nsanje yathu yeniyeni, komabe, ili pa amayi a gulu linzathu la kwa Katunga, ndipo sitiibisa ngakhale pamaliro. Iwo akhala akuyezetsa mbewu zaka zingapo, zithunzi zawo n'kumazipachika m'chipinda chochitira misonkhano ngati za ukwati. Ife mwayi unatifikira chaka chino chokha. Malemu atatiuza kuti titumize masamba, tinaona kuti munthu wolemekezeka sungamupatse kholowa wosakonza, choncho tinasankha masamba okongola okhaokha, kuwasadzula, kuwayanika padzuwa kuti afote monga timachitira ndi ndiwo, n'kuwatumiza m'lichero. Anaseka mpaka misozi. "Pyadidi, zili bwino, amayi anga," anatero, "izi ndikadya madzulo. Koma makina sadya ndiwo. Kathyoleni ena aawisi, onyansa omwe." Pamene tinkabwera nawo, a kwa Katunga anali atatipitirira kale pamzere, ndipo a Alfred sankadumphitsa munthu, ngakhale utawanyengerera ndi nkhuku.

Tauzidwa kuti tsiku limene anagwa, chithunzi cha kwa Katunga chinali chitatuluka kale, mbewu yawo yabwino yonse. Jelo imene inali patebulo, pafupi ndi bokosi, inali yathu. Anthu anathamangira kunyamula munthu, monga mmene zinayenera kukhalira, ndipo pofika tsiku lotsatira mu jeloyo munalibenso kamzere koti wina n'kuwerenga. Wolowa m'malo mwawo sitikudziwa kuti adzabwera liti, koma chinyontho cha m'dimba sichidikira kalata ya ku likulu. Mitolo yathu ikufota. Kuibzala kapena kuigawa osayeza ndiye kunyoza chiphunzitso cha munthu amene sanaikidwe n'komwe m'manda, ndipo bungwe lagwirizana kuti silitero.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso chathu kwa inu mayi Alfred, kwa ana amene atsala opanda bambo, ndi kwa anzawo a ku ntchito amene adzayang'ana mpando wopanda munthu. Mulungu akupatseni mphamvu zopirira, akutonthozeni masiku ovutawa, ndipo mzimu wa malemu uuse mu mtendere. Tibwera ku Marka ndi nkhuni, ufa ndi manja athu.

Kwa mayi Molly Fumbani ndi gulu lanu la kwa Katunga: tikakumana kusiwa, tikalira pamodzi ngati abale. Pobwerera tidzera kwanu. Mbewu yoyezedwa ndi manja a malemu yatsala yanu yokha, ndipo tikuipempha, mitolo imene mungathe. Mukatipatsa, musatipatse mukuyimba motinyodola.

Ndalemba ndili chiimire, pakuti mitolo ija ikadali pansi pa masawu. Ndayamba kuimasula kuti mbuzi zidye, koma ndi yambiri, ndipo mbuzizo zakhuta kale.

Jesinta Pilirani
Wapampando